Oweruza mafilimu a pa doko la Kachulu

Pa Kachulu, doko la pa nyanja ya Chilwa, filimu siiweruzidwa usiku womwe yaonetsedwa. Ikatha, anthu amangotuluka m'chisakasa cha vidiyo maso ali psuu, wina kukagona, wina kutsikira kunyanja kukayang'ana ukonde. Mlandu wake umazengedwa m'mawa pa doko, maboti opita ku chilumba cha Chisi akudikira kuti adzaze, amayi ogula matemba atakhalira mabeseni awo, anyamata a kabaza atatsamira njinga. Mmodzi amene sanapiteko amangoponya funso: "Amwene, ya dzulo ija inali bwanji?" Yankho loyamba limakhala lalifupi. Yabeba. Yobowa. Yaphweka. Yanyatwa koma yatha moipa. Koma pa doko salola kuti munthu athere pomwepo. Wina amafunsa kuti yabeba pati, ndipo woyankhayo ayenera kulongosola: mwini filimu analakwiridwa chiyani, anapirira nthawi yaitali bwanji, ndewu yomaliza inali yomveka kapena yonama. Akalephera kulongosola, mawu ake amatayidwa ngakhale atakweza bwanji.

Ine ndimafika pa Kachulu chifukwa cha amalume anga, amene ali ndi bwato ndi maukonde kumeneko, ndipo mwa zonse zimene ndimamva pa dokopo, zokambirana za mafilimu ndi zimene zimanditsalira m'mutu. Ndimakhulupirira kuti pali kuweruza kwenikweni pamenepo, kolemera kuposa kumene timaona pa mafoni athu m'tauni, ndipo ndimamva chisoni kuti amene amapanga mafilimu m'dziko muno sakumva.

Chisakasa cha vidiyo sichisowa. Sipika imaikidwa panja, kuti phokoso la mfuti ndi zibakera liziitana anthu lokha. Pakhomo pali kabolodi kolembedwa ndi choko: dzina la filimu, nthawi yake, ndipo ngati kuli mpira wa ku England, filimu imadikira mpirawo uthe. Mkati muli mabenchi a matabwa osapala, chinsalu chakuda chotchinga kuwala, fungo la thukuta losakanikirana ndi la utsi wa nsomba umene uli m'zovala za aliyense, ndi jenereta kuseri imene ikatsokomola onse amakuwa pamodzi. Wolowa amalipira kandalama kochepa, koma kwa mnyamata amene wakoka khoka usiku wonse n'kupatsidwa gawo lake laling'ono, kandalamako ndi kapu ya tiyi ndi mandasi amene wadzimana. N'chifukwa chake safuna kunamizidwa. Munthu akamuuza kuti filimu yabeba, iye n'kukapeza kuti ndi yogonetsa tulo, m'mawa mwake amufunafuna mpaka amupeze.

Apa ndi pamene pagona mphamvu ya chiweruzo cha pa doko: chili ndi mwini wake, ndipo mwini wakeyo amadziwika. Mwa anyamata amene amagwira ntchito kwa amalume muli wina wokonda mafilimu a Chimwenye. Baahubali anaionera mpaka kuiloweza, ndipo anzake amadziwa kuti iye akati filimu ndi yabwino, ndiye kuti ndi yaitali, muli nyimbo, muli mayi wolira ndi mwana wobwezera. Wina safuna china koma Jet Li ndi Van Damme, ndipo akati yobowa, onse amadziwa kuti akungotanthauza kuti anthu analankhula nthawi yaitali osamenyana. Womvera amayeza mawu ndi munthu wake. Amadziwa woti amukhulupirire pa filimu ya nkhondo, woti amukhulupirire pa ya chikondi, ndi amene amangoyamikira chilichonse chifukwa mwini vidiyo ndi mlamu wake. Mwini vidiyoyo naye amatchera khutu. Filimu imene yanyozedwa pa doko siibwereranso pa bolodi.

Tikayang'ana mmene dziko lonse limachitira pa intaneti, kusiyana kwake kumaoneka msanga. Pa IMDb aliyense amapatsa filimu nambala kuyambira 1 mpaka 10, makina n'kuphatikiza. Pa Rotten Tomatoes amawerenga kuti mwa olemba za mafilimu 100 alionse ndi angati amene aikonda. Netflix inali ndi nyenyezi zisanu, koma mu 2017 inazichotsa n'kuika chala chachikulu choloza kumwamba kapena pansi. Zimenezi zili ndi ntchito yake, ndipo nanenso ndimaziyang'ana ndisanawononge bandulo yanga. Koma nambala siikuuza kuti waiponya ndani, anaonera ali pati, anadyapo kapena ayi, anaikapo m'manda mwana kapena ayi. Ndipo mwa anthu miyandamiyanda amene amaponya manambalawo, msodzi wa pa Chilwa mulibe. Filimu ikhoza kukamba za njala kapena za kumira m'madzi, n'kupatsidwa malikisi ndi anthu amene zinthu ziwirizi amangoziona pa kanema.

Ndinazindikira bwino zimenezi tsiku lina pamene nkhani ya pa doko inali Titanic. Filimuyi ndi ya 1997, ya James Cameron, ndipo inatenga mphoto za Oscar zokwana 11, koma kumudzi filimu siikalamba: imakhala yatsopano kwa amene akuiona koyamba. Anyamata anayamba ndi mkangano umene dziko lonse limakangana, wakuti kodi Jack sakanakwana pa thabwa lija pamodzi ndi Rose. Wina anati mtsikanayo anali wouma mtima. Bambo wina wachikulire, woyendetsa boti lonyamula anthu, amene anali chete akuwomba chingwe, anamudula.

"Iwe mwana, unayamba waonapo thabwa likunyamula anthu awiri pa madzi? Malo akhoza kukhalapo, koma kulemera? Likadamira ndi onse awiri, madzi ozizira aja n'kuwafika m'chifuwa. Mnyamatayo anayesa kukwera, likupendekeka, anaona yekha. Anadziwa chimene akuchita."

Atatero anasiya za chikondizo n'kupita kumene iye anaona kuti ndiko kuli filimu. Anati amene anapha anthu aja si chimwala cha madzi oundana ayi, koma bwana wa kampani uja amene anakhala pansi ndi kapitao n'kumamunyengerera kuti athamangitse sitima kuti nyuzipepala zilembe. Anati kapitaoyo ankadziwa madzi, koma anamvera wodziwa ndalama. Anakumbutsanso kuti timaboti topulumukira tinali tochepa kuyerekeza ndi anthu, ndi kuti osauka a m'munsi anawatsekera zitseko zachitsulo madzi akukwera. "Ndi zomwezo kuno," anatero. "Mwera ukuwomba, iwe ukuona kuti boti ladzaza, koma mwini wake akuti onjezera matumba awiri a mpunga. Ukakana, mawa ntchito yako ili ndi wina." Onse anakhala duu. Nyanja ya Chilwa ndi yosaya, m'malo ambiri bwato amaliyendetsa pokankha pansi ndi nsungwi yaitali, koma aliyense pa dokopo akudziwa banja limene linalirapo maliro a m'madzi. Bamboyo anamaliza ndi chiweruzo chake: filimuyo ndi yabwino, koma yatalikitsa zovina ndi zojambulana zithunzi, pamene nkhani yeniyeni ndi ya woyendetsa amene anaopa bwana kuposa nyanja.

Ndawerengapo zambiri zolembedwa za Titanic, koma mawu a bambo amenewa anandiphunzitsa kuionera mwatsopano. Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Amene nkhani yamukhudza pathupi amaona zimene ena akudutsa.

Pali chinanso chimene chimaweruzidwa pa Kachulu chimene pa IMDb simungachipeze: womasulira. Mafilimu ambiri amafika ali ndi mawu a mnyamata wina pamwamba, amene amalankhula m'Chichewa m'malo mwa onse, mwamuna ndi mkazi yemwe, n'kumaonjezera nthabwala ndi ndemanga zake. Si ife tokha: ku Kenya kuli DJ Afro, ku Uganda amawatcha ma VJ, ku Tanzania kunali mkulu wina wotchuka ndi dzina loti Lufufu. Pa doko mumamva wina akuti filimuyo inali yabwino koma womasulira waiwononga, amalankhula ngakhale pamene payenera kukhala chete. Wina akuti filimu inali yopanda pake koma mnyamatayo waikometsa. Amadziwa kusiyanitsa ntchito ya wojambula ndi ya womasulira, chimene ndi luso losachepa. Amadziwa ndi pamene womasulira wanama chifukwa sanamve Chingerezi: nkhope ya munthu ikulira, mawu akuseka. Ine ndimawalemekeza anyamata omasulirawa, chifukwa atsegulira khomo anthu amene sukulu inawatsekera. Chimene chimandipweteka ndi chizolowezi cha ena cha kutukwana akazi a m'filimu, kuwatcha mayina onyansa kuti anthu aseke, m'chipinda chodzaza ana.

Filimu imene inatigawanitsa kwambiri pa banja pathu ndi The Boy Who Harnessed the Wind, ya William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, imene Chiwetel Ejiofor anaitsogolera n'kuseweramonso ngati bambo ake a William. Inatuluka pa Netflix mu 2019, koma kwa amalume inafika mochedwa, pa memole khadi, ndipo tinaionera pa kawailesi kakanema ka sola, m'nyumba mutadzaza ndi oyandikana nawo.

Kuseka kunayamba Ejiofor atangotsegula pakamwa. Mawu ndi a Chichewa ndithu, koma kukweza ndi kutsitsa kwake n'kwachilendo, ndipo ana anayamba kumuyeserera pomwepo. Mnyamata wosewera William, Maxwell Simba, ndi wa ku Kenya, ndipo amayi ake m'filimumo, Aïssa Maïga, si a kuno. Lily Banda atalankhula, msuweni wanga anawomba m'manja n'kunena kuti uyu yekha ndiye wathu. Kwa anyamata mlandu unathera pomwepo: filimu ya a Malawi yopanda a Malawi pa mipando ya kutsogolo, Chichewa chophunzira dzulo, ndiponso yopanda ndewu. Ena anatuluka isanafike pakati.

Azakhali, akazi a amalume, sanaseke. Pamene inafika pa anthu akukankhana pa depoti kulimbirana chimanga, anaika dzanja pakamwa. Pamene banja linagwirizana zoti lizidya kamodzi patsiku, n'kumasankha kuti chakudyacho chikhale cha nthawi yanji, anadzuka n'kupita panja, ndipo anabwera patapita kanthawi maso atanyowa. Njala ya 2001 ndi 2002 inawapeza ali ndi mwana wakhanda. M'mawa mwake, akuyanika matemba pathandala, anandiuza chiweruzo chawo popanda ine kufunsa.

"Mwanangu, lilime lawo lija ndi lachilendo, inde. Koma amene anawauza za njala sanawanamize. Bambo uja pamene ankakaniza njinga, anawa amati ndi wankhanza. Si nkhanza zimene zija. Munthu ukatsala ndi chinthu chimodzi pakhomo, mwana n'kubwera kuti tichidule, mtima umauma. Amalume ako anagulitsa bwato chaka chimene chija. Sanalankhule ndi munthu sabata yonse."

Ndi ndani analondola, anyamata aja kapena azakhali? Ine ndimati onse awiri ananena zoona, ndipo ndi chifukwa chake nambala imodzi siingakwane. Anyamata sanalakwe kufuna kumva chinenero chawo chikulankhulidwa ndi eni ake. M'dziko muno muli amisiri a zisudzo okwanira, ndipo kudandaula kwawo ndi kwa anthu odzilemekeza. Koma mukandifunsa ine, ndili kumbali ya azakhali. Filimuyo ndi yabwino kwambiri, ndipo ubwino wake suli pa makina a mphepo a kumapeto aja, amene aliyense amadziwa kale kuti azungulira. Uli pa manyazi a bambo amene walephera kudyetsa ana ake, pa mwana wothamangitsidwa kusukulu chifukwa cha fizi n'kumazembera ku laibulale, pa galu amene akufa chifukwa palibe chomupatsa. Zimenezi anazijambula moona mtima. Mukadaphatikiza chiweruzo cha anyamata ndi cha azakhali n'kugawa pakati, mukadapeza nambala yofunda imene palibe aliyense m'nyumbamo ananena.

Sindikufuna kukometsera pa doko ngati kuti zonse n'zangwiro. Mawu oti "ilibe ndewu" aphetsa mafilimu abwino ambiri asanapatsidwe mpata, pamene kuona maso a nkhono n'kudekha. Wamawu okwera nthawi zina amagonjetsa wolondola. Ndipo m'chisakasa muja amayi ndi ochepa, chifukwa mkazi wolowa mu vidiyo usiku amanenedwa. Amayi ali ndi bwalo lawo lawo, pa ng'anjo zowambira mlamba ndi pa mjigo, kumene amakambirana za mafilimu a ku Nigeria amene amapatsirana pa foni. Kumeneko Patience Ozokwor, amene kawirikawiri amasewera mpongozi wankhanza, amakambidwa ngati munthu wa m'mudzi momwemo, ndipo funso lawo silikhala loti filimu yabeba kapena ayi, koma loti mkazi uja anachita bwino kupirira, kapena akadachoka kalekale. Amakamba za filimu, koma mkati mwake akukamba za maukwati awo, zimene sangazitchule poyera. Mabwalo awiriwa sakumana, ndipo ndimaona kuti amuna ndi amene akutaya zambiri.

Nkhani ya ana nayo ndi yolemera. Lamulo loyang'anira zoonetsedwa lilipo kuyambira 1968, koma pa chisakasa cha kunyanja woyang'anira weniweni ndi chikumbumtima cha mwini vidiyo. Ena amabweza ana nthawi ya sukulu ndi usiku, ena amangolandira ndalama. Mwana wa sitandade 3 amene waona anthu akudulidwa makosi sangathe kuweruza chimene waona, amangochitenga. Makolo ndi mafumu a m'derali ali ndi mphamvu pa nkhaniyi kuposa ofesi iliyonse ya m'tauni, ndipo ayenera kuigwiritsa ntchito.

Koma chimene chinandichititsa kulemba ndi ichi. Mu 2012 Shemu Joyah anatulutsa The Last Fishing Boat, filimu ya msodzi wa ku nyanja ya Malawi amene kale ankapha nsomba zambiri, koma tsopano nsomba zachepa, ndipo ntchito zokopa alendo zikulowerera m'banja lake ndi m'chikhalidwe chake. Inayenda m'maphwando a mafilimu kunja, n'kutenga mphoto. Ine ndinaionera m'tauni, pakati pa anthu ovala bwino, ndipo tinaiyamikira. Nditafunsa anyamata a amalume ndi anzawo pa doko, palibe amene anali ataimvapo. Rambo amamudziwa, Aki ndi Pawpaw amawadziwa, Izeki ndi Jakobo amawaloweza, Manganya wa mu Tikuferanji amamudziwa ngati m'bale wawo, koma filimu ya msodzi wa dziko lawo sinawafike. Chimodzimodzi filimu yotchedwa Lilongwe ya Joyce Mhango Chavula, imene inapambana pa mphoto za Africa Magic mu 2016, The Road to Sunrise ya Joyah yemweyo imene inapambana mu 2018, ndi Fatsani ya Gift Sukez Sukali, ya mtsikana wogulitsa nthochi mumsewu, imene dziko lino linaitumiza ku mpikisano wa Oscar.

Zifukwa zake n'zomveka. Wopanga filimu waika ndalama zake zonse, ndipo akudziwa kuti kope limodzi likangolowa pa kompyuta ya mnyamata wothira mafilimu m'mafoni, sadzaonanso khobiri. Amaisunga, n'kumaionetsa m'maholo a mahotela a ku Blantyre ndi ku Lilongwe pa tikiti imene msodzi sangaifikire. Ambiri mwa mafilimuwa alinso ndi Chingerezi chochuluka. Mantha amenewa ndimawamvetsa, ndipo sindikunena kuti munthu agawe thukuta lake mwaulere. Koma zotsatira zake n'zakuti filimu ya msodzi ikuweruzidwa ndi aliyense kupatula msodzi.

Ndipo pa Chilwa pali anthu odziwa nkhaniyo kufika m'mafupa. Nyanjayi ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Imadalira mvula ndi mitsinje ngati Likangala, Domasi ndi Phalombe, ndipo mvula ikavuta imaphwa. Inauma mu 1968, inaumanso mu 1995, ndipo mu 2018 mabwato anagona pa dothi long'ambika pa Kachulu pomwepa, anthu n'kumapita ku Chisi wapansi ndi pa njinga. Pali amuna amene amakhala miyezi m'zimbowera, timisasa toyandama pakati pa njedza, osaona ana awo. Pali amayi amene anaona bizinesi ya makumba ndi matemba ikutha m'manja mwawo chaka chimodzi, n'kuyambiranso madzi atabwerera. Anthu amenewa akadaona msodzi wa Joyah atakhala pa gombe ukonde uli wopanda kanthu, akadadziwa pomwepo ngati wakhala mmene msodzi amakhalira, ngati mkazi wake wayankha mmene mkazi wa msodzi amayankhira, ngati dzanja lake lagwira nkhafi mozolowera. Akadayamikira pamene payenera, n'kudzudzula mosapsatira pamene pali ponama. Wopanga filimu aliyense wofuna kukula amafunika omuuza zotere, ndipo a m'hotela sangamuuze chifukwa sakuzidziwa.

Inu amene mumapanga mafilimu m'dziko muno, ndi inu a mabungwe amene mumawathandiza ndi ndalama, konzani makope a Chichewa chomveka, omasuliridwa ndi chilolezo chanu, pa mtengo umene mwini vidiyo wa kunyanja angaukwanitse. Ngati mukuopa kuberedwa, bwerani nayo nokha filimuyo, ndi chinsalu choyera ndi sipika, muionetse pabwalo kuti amayi nawonso akhalepo, makamaka m'dzinja pamene makoka aletsedwa ndipo asodzi ali kumtunda. Mukatero mufunse anthu maganizo awo, ndipo mupirire zimene akuuzeni. Kuchokera mumzinda wa Zomba kufika pa Kachulu ndi makilomita pafupifupi 30 okha.